CHIPSERA CHISAKUNAMIZENI, NKHANI ILI PA CHITSEKO CHA MTIMA

Sabata ino tisiye kaye za kukwera mitengo kwa zinthu ndi za chiphaso cha msika, tikambe za kope lija limazungulira benchi ndi benchi. Mukulidziwa. Amabwera nalo a komiti, ati mwana wa mnzathu wapezeka ndi vuto la mtima, madokotala akuti mpaka opaleshoni, ndipo opaleshoniyo ndi ya kunja. Aliyense amapisa m'thumba, poti mutu umodzi susenza denga.

Chimene ndaona n'chakuti tikaponya kangachepe kathuko, mafunso athu amathera pa chipsera. "Kodi akamung'amba chifuwa chonse?" "Ati kunjako masiku ano amangoboola pang'ono, eti?" "Nanga mtsikanayu azidzavala bwanji ndi chipsera chotero?" Mafunso abwino, sindikukana. Koma chipsera ndi chikuto chabe. Moyo wa wodwala akabwerera kumudzi umadalira chimene madokotala asiya mkatimo, ndipo ndi chimenecho timaiwala kufunsa.

Ine kwathu ndi ku Kabwazi, m'boma la Dedza, kumene ena a inu mumakapikula kachewere, nyemba ndi soya. Kumtunda kuja kumazizira zedi. Mu June ndi July ana amagona mothithikana m'kachipinda kamodzi, bulangete limodzi, mazenera otseka. Mmodzi akayamba zilonda zapakhosi, sabata isanathe onse akumeza movutika. Timawagulira panado, timati ndi chimfine cha nyengo, ndipo ambiri amachiradi. Koma mwa anawo mukhoza kukhala wina amene zaka 10 kapena 15 kutsogoloku dzina lake lidzalembedwa pamwamba pa kope lija.

CHITSEKO CHAKE NDI CHITI?

Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri pamwamba ziwiri pansi, komanso zitseko zinayi zimene madokotala amati mavalavu. Amene munapopapo njinga mukuidziwa ntchito ya valavu: mpweya ulowe koma usabwerere. Mumtima ndi chimodzimodzi, kungoti chodutsa ndi magazi. Valavu yotchedwa mitral ili mbali ya kumanzere, pakati pa chipinda cholandira magazi ochokera m'mapapo ndi chipinda champhamvu chimene chimawapopera thupi lonse. Ili ndi timapiko tiwiri togwidwa ndi tizingwe, ndipo dzinalo analitenga ku chipewa cha bishopu chija cha nsonga ziwiri, poti zimafanana. Mtima ukagunda, valavuyi imatseguka n'kutseka, pafupifupi ka 100,000 pa tsiku.

Kwa azungu valavuyi imafooka kawirikawiri ndi ukalamba. Kwathu kuno imaonongeka munthu akadali mwana, ndipo chiyambi chake ndi pakhosi. Pali kachilombo kotchedwa streptococcus kamene kamayambitsa zilonda zapakhosi, makamaka kwa ana a zaka 5 mpaka 15. Kakapanda kuphedwa ndi mankhwala oyenera, asilikali a m'thupi la ana ena amasokonezeka, m'malo momenyana ndi kachilombo kokha amayamba kumenyanso thupi la mwini wake. Pakapita masabata awiri kapena atatu mwana amatentha thupi, bondo limatupa, mawa ululu wasamukira ku kakolo, mkuja uli pa chigongono. Madokotala amati rheumatic fever. Ife kumudzi timati nyamakazi, ena amati wapondera mankhwala, n'kumutemera mphini.

Mafupawo amachira, koma mtima umatsala ndi zipsera. Matendawa akamabwerezabwereza, timapiko tija timakhuthala n'kuuma. Mapeto ake ndi awiri. Mwina chitseko chimamatirira osatseguka bwino: pamene pamayenera kukhala mpata wa masikweya sentimita 4 mpaka 6 pamatsala 1.5 kapena kucheperapo, magazi n'kumadzadzana m'mapapo. Mwinanso chitseko chimalephera kutseka, magazi n'kumabwerera m'mbuyo. Ena amakhala ndi zonse ziwiri. Munthu amayamba befu pokwera kachitunda kamene kale ankakathamanga, usiku sagona chagada, miyendo imatupa, mtima umagunda mosalongosoka, nthawi zina amakhosomola magazi mpaka anthu kumuganizira TB. Amayi ambiri amatulukira vutoli ali oyembekezera, chifukwa pa nthawiyo magazi m'thupi amachuluka pafupifupi ndi theka, ndiye chitseko chopapatiza chimalephera katunduyo.

Musaganize kuti ndi matenda a apo ndi apo. Kafukufuku amene anatuluka mu 2016 anajambula mitima ya ana 1,450 a mu Lilongwe ndi madera ozungulira, pogwiritsa ntchito makina a echo, ofanana ndi sikani ija amajambulira amayi apakati. Anapeza zizindikiro za matendawa mwa ana pafupifupi 34 pa 1,000 aliwonse, ana ooneka bwinobwino, osewera mpira. Ku Maputo, mu kafukufuku wa mu 2007, kumvetsera pachifuwa kunapeza ana awiri okha pa 1,000, pamene makina a echo anapeza 30. Kafukufuku wina wamkulu wotchedwa REMEDY anatsatira odwala oposa 3,000 m'maiko 12 a mu Africa, ku India ndi ku Yemen. Awiri mwa atatu aliwonse anali akazi. Pomatha zaka ziwiri, odwala pafupifupi 17 mwa 100 anali atamwalira, ndipo theka la omwalirawo anali asanakwanitse zaka 29. Amenewo ndi anthu a msinkhu wanga, msinkhu wa anyamata onyamula matumba pa Wakawaka.

NJIRA ZOFIKIRA PA VALAVU

Valavu ikaonongeka kwambiri, mapiritsi amangochepetsa madzi m'thupi ndi kuchedwetsa vuto, sangaongole chitseko chopindika. Pamafunika dzanja lifikepo. Njira zofikirapo zilipo zingapo, ndipo iliyonse ili ndi mbiri yake.

Yakale kwambiri inali ya chala. Mu 1925 dokotala wa ku London, Henry Souttar, anatsegula chifuwa cha mtsikana wina, n'kulowetsa chala mumtima uku ukugunda, kuti akulitse mpata wa valavu. Mtsikanayo anadzuka ndipo anakhala moyo zaka zingapo, koma madokotala anzake anaona ngati misala, sanamutumizirenso wodwala wina. Mu 1948 ndi pamene Charles Bailey ku Philadelphia, Dwight Harken ku Boston ndi Russell Brock ku London anaitsitsimutsa njirayi, ndipo inapulumutsa anthu ambirimbiri. Ubwino wake unali wakuti sinkafuna makina odula. Kuipa kwake, dokotala ankagwira ntchito mumdima, kudalira nsonga ya chala basi.

Zinthu zinasintha mu 1953 pamene John Gibbon anagwiritsa ntchito bwino makina ogwira ntchito ya mtima ndi mapapo kwa kanthawi. Magazi amatuluka m'thupi kudzera m'mapaipi, makina amawapatsa mpweya n'kuwabwezera, ndiye madokotala amauimitsa mtima, kuutsegula ndi kuiona valavu ndi maso. Apa ndi pamene panakhazikika njira imene mpaka lero ndiyo yofala dziko lonse: kudula fupa la pakati pa chifuwa kuchokera pamwamba mpaka pansi, chilonda cha masentimita pafupifupi 20. Akamaliza amalimanga fupalo ndi waya wosachita dzimbiri, ndipo wayayo amakhala momwemo. Dokotala amaona mtima wonse, ndipo ngati mavalavu oonongeka ndi awiri kapena atatu, zimene zimachitika kwambiri ndi matenda athuwa, amakonza onse ulendo umodzi. Vuto lake ndi fupalo. Limatenga masabata 6 mpaka 12 kuti ligwirane, ndipo pa nthawiyo thumba la makilogalamu 50, khasu, mtondo ndi njinga ya kabaza ndi zoletsedwa. Kwa munthu wodya za tsiku lomwelo, miyezi itatu yopanda geni ndi nkhani yaikulu, ndipo a komiti muziiwerengera polemba kope.

Chapakati pa zaka za m'ma 1990 kunabwera njira ya kabala kakang'ono. Amacheka masentimita 4 mpaka 6 pakati pa nthiti, mbali ya kumanja, pansi pa bere, n'kulowetsa kamera ndi zipangizo zazitali. Mapaipi a makina aja amalumikiza pa mitsempha ya m'chinena. Fupa la pachifuwa salikhudza. Mu 1998 dokotala wa ku Paris, Alain Carpentier, anapitirira apo n'kukonza valavu ya mitral pogwiritsa ntchito loboti, osati maloboti a pamsewu ayi, koma makina a timanja tachitsulo amene dokotala amawayendetsa atakhala chapatali. Njira zimenezi ndi zimene zimatchuka pa WhatsApp ndi m'zikalata zotsatsa malonda za zipatala za kunja, ndipo mtengo wake umakhala wokwera.

Kodi kabala kakang'ono kamaposadi? A ku Britain anafuna kudziwa. Anatenga odwala 330 m'zipatala 10, ena anawadula fupa, ena anawacheka m'nthiti, mochita maere. Zotsatira zinatuluka mu 2023. Patatha masabata 12, mphamvu za thupi za magulu awiriwa zinali zosasiyana kwenikweni. Mbali zonse, odwala pafupifupi 96 mwa 100 valavu yawo inakonzeka popanda kuichotsa, ndipo pomatha chaka imfa ndi mavuto akuluakulu sizinasiyane. A kabala kakang'ono anatuluka m'chipatala msanga ndi tsiku limodzi, koma opaleshoni yawo inatenga nthawi yotalikirapo. Onaninso kuti odwalawo ambiri anali a zaka za m'ma 60, mavalavu awo ofewa, ongofooka ndi ukalamba. Valavu ya mtsikana wa ku Kabwazi imakhala youma, yokhuthala, nthawi zina yolimba ngati mwala, ndipo imavuta kwambiri kusoka kudzera pa kampata. Choncho dokotala akanena kuti adula fupa, musaganize kuti akukumanani zamakono. Ndipo wina akakuuzani kuti muwonjezere mamiliyoni kuti chipsera chichepe, dziwani kuti mukugula chipsera ndi masabata ochepa a kuchira msanga, zaka za moyo sizili pa mtengowo.

Pali njira inanso yosacheka n'komwe, imene kwa odwala athu ena ndi mwayi waukulu. Dokotala wa ku Japan, Kanji Inoue, anailengeza mu 1984. Amalowetsa kapaipi kakang'ono mu mtsempha wa m'chinena mpaka mumtima, kunsonga kwake kuli kabaluni. Kakafika pa valavu yomatirira amakapopa, timapiko n'kulekana. Ndi ntchito ya chala cha Souttar ija, koma popanda mpeni. Wodwala amatuluka patatha tsiku limodzi kapena awiri, ndipo zimatheka ngakhale kwa mayi woyembekezera. Koma baluni ili ndi malamulo ake: valavu ikhale yopapatiza koma ikadali yofewa, isakhale yotaya magazi ambiri m'mbuyo, ndipo mumtima musakhale magazi oundana. Ofika msanga ndiwo amaipeza njirayi. Ochedwa amapeza valavu itauma kale. Pakapita zaka valavu ikhoza kumatiranso, koma zakazo munthu wakhala akulima ndi kulera ana.

KUKONZA KAPENA KUSINTHA?

Tsopano tafika pa mtima wa nkhani. Kaya alowera pa fupa, kaya m'nthiti, dokotala akaiona valavu amasankha chimodzi mwa ziwiri: kuikonza, kapena kuichotsa n'kuika ina.

Kukonza ndi ntchito ya utelala. Amalekanitsa pomatirira, amapala pokhuthala, amasoka tizingwe, n'kuika kamphete kozungulira kuti chitseko chibwerere m'chimake. Carpentier yemwe uja ndiye anatchuka pophunzitsa dziko luso limeneli. Munthu amatsala ndi valavu yake yobadwa nayo, ndipo ngati mtima ukugunda molongosoka safunika mankhwala osungunula magazi moyo wonse. Ku America, mwa odwala 100 okonzedwa valavu, omwalira pa opaleshoni amakhala mmodzi kapena awiri. Kwa osinthidwa chiwerengero chimakwererapo, mwa zina chifukwa iwowa amakhala odwalika kale. Koma valavu yodyedwa ndi rheumatic fever si yonse imakonzeka, ndipo yokonzedwayo ikhoza kudzafunanso opaleshoni ina, makamaka matendawa akabwereranso.

Ikakanika kukonzeka, amaika yopanga. Valavu yoyamba yotere imene inagwira ntchito kwa nthawi yaitali inaikidwa mu 1960 ku Portland, ku America, ndi dokotala Albert Starr, ataipanga limodzi ndi injiniya Lowell Edwards. Inali kampira m'kakhola kachitsulo. Lero zilipo za mitundu iwiri.

Yoyamba ndi imene timati yachitsulo, ngakhale timapiko take amapangira kaboni wolimba. Imeneyi siitha, ikhoza kukhala moyo wonse wa munthu, ndipo usiku kukakhala zii imamveka kuti the-the-the ngati wotchi. Koma magazi amakonda kuundana pa iyo. Akaundana, mwina valavu imatsekeka, mwina kachidutswa kamathawira ku ubongo, munthu n'kufa ziwalo. Choncho mwini wake ayenera kumwa warfarin tsiku lililonse mpaka kufa, osadumphitsa.

Yachiwiri ndi ya nyama, yopangidwa kuchokera ku valavu ya nkhumba kapena ku chikopa chokuta mtima wa ng'ombe. Abale athu achisilamu ndi ena osakhudza nkhumba, ya ng'ombe ilipo, nenani msanga. Imeneyi kawirikawiri siifuna warfarin moyo wonse. Koma imatha. Kwa okalamba imakhala zaka 10 mpaka 15 kapena kuposerapo, pamene kwa achinyamata imauma msanga, nthawi zina zaka 10 zisanakwane. Ikatha, ndiye kuti opaleshoni ina, yoopsa kuposa yoyamba, ndi ndalama zina.

Mwaona pamene pagona vuto? Yachitsulo ikufuna chipatala pafupi moyo wonse. Ya nyama ikufuna ulendo wachiwiri wa kunja. M'Malawi wamba zonse ziwiri ndi zomutalikira.

AKABWERERA KU KABWAZI

Warfarin ndi mankhwala ovuta kuweta. Anayamba kugulitsidwa mu 1948 ngati poizoni wa makoswe, ndipo mu 1954 ndi pamene analoledwa kwa anthu pa mlingo woyezedwa bwino. Inu ogulitsa mankhwala a makoswe musati mwapeza msika, zimenezo ndi zakupha. Warfarin akachepa m'thupi magazi amaundana, akachuluka munthu amatuluka magazi m'mphuno, m'nkhama, m'mimba, ngakhale mu ubongo. Kuti mlingo ukhale pakati, magazi ayenera kuyezedwa kawirikawiri, poyamba sabata ndi sabata, zikakhazikika pafupifupi mwezi ndi mwezi. Muyezowo amati INR, ndipo kwa wa valavu yachitsulo ya mitral nambala imayenera kukhala pakati pa 2.5 ndi 3.5.

Nambala imeneyi imasuntha ndi zinthu za tsiku ndi tsiku. Ndiwo zamasamba monga nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru ndi repu zili ndi vitamini K amene amafooketsa warfarin. Sikuti munthu asiye masamba ayi, koma azidya mofanana, osati dzinja mphika wodzadza, chilimwe osalawa. Mankhwala a TB otchedwa rifampicin amamufooketsa kwambiri. Bactrim amamuwonjezera mphamvu. Aspirin ndi brufen, amene timagula pa hokala osafunsa, amawonjezera kutaya magazi. Kachasu ndi zitsamba za kwa asing'anga zimasokoneza chimodzimodzi. Ena amafunsa za mapiritsi atsopano osafuna kuyeza magazi. Kwa wa valavu yachitsulo ndi oletsedwa, ndipo kafukufuku wa mu 2022 wotchedwa INVICTUS, wa odwala oposa 4,500 a mtima wa rheumatic wogunda mosalongosoka, anapeza kuti omwa warfarin ndi mankhwala a mtundu wake anamwalira ochepa kuyerekeza ndi omwa atsopano otchedwa rivaroxaban.

Kwathu kuli mayi wina, dzina ndisunga, amene anaikidwa yachitsulo ku India. Asanapite sankatha kusesa pakhomo, lero akugulitsa nyemba ndipo amayenda mtunda osapumira. Nditawafunsa chimene chimawavuta, sanatchule chipsera ngakhale kamodzi. Anati: "Achimwene, opaleshoni anandilipirira, koma thiransipoti ya mwezi ndi mwezi ndani andilipirire? Mvula ikagwa njinga yamoto imakwera mtengo. Tsiku lina ndinafika kuchipatala n'kundiuza kuti zoyezera zatha, ndibwerenso." Mayiwa ali ndi valavu yofanana ndi ya munthu wolemera wa ku London, koma chitetezo chake chili m'manja mwa msewu wafumbi ndi mtengo wa nyemba.

Kwa mtsikana amene sanabereke nkhaniyi imalemera kawiri. Warfarin amatha kupundula mwana m'mimba, makamaka pakati pa sabata ya 6 ndi ya 12 ya pathupi, nthawi imene amayi ambiri amakhala asanayambe sikelo. Kumusiya osamwa n'koopsanso kwa mayi. Njira ilipo, madokotala amasintha mankhwala ndi kumuyang'anira mayiyo pafupipafupi, koma zimafuna kukonzekera mimba isanabwere. N'chifukwa chake kwa atsikana madokotala amayesetsa baluni kapena kukonza, ndipo ena amasankha ya nyama akudziwa kuti adzabwereranso pa tebulo. Kuno kwathu ku Dedza, kumene mbumba ndiyo chuma cha mwini mbumba, a malume ndi apongozi ayenera kuimva nkhaniyi opaleshoni isanachitike, kuti mawa asadzamukakamize mwana wa eni kutenga pathupi pomupha.

MUSANAPEREKE, FUNSANI

Kwa zaka zambirimbiri M'Malawi wofuna opaleshoni yotsegula mtima njira yake inali ya ndege, ndipo ambiri amadikira pa mndandanda wa boma wotumiza odwala kunja, makamaka ku India. Oyandikana nafe anayambapo: ku Dar es Salaam kuli Jakaya Kikwete Cardiac Institute, ku Lusaka kuli National Heart Hospital, ku Maputo kuli Instituto do Coração. Ku Khartoum bungwe la ku Italy lotchedwa Emergency linatsegula Salam Centre mu 2007, chipatala chochita maopaleshoni a mtima mwaulere kwa odwala a maiko ambiri a mu Africa, koma nkhondo imene inabuka ku Sudan mu April 2023 inasokoneza maulendo opita kumeneko. Kulikonse kumene wodwala angapite, ulendo umayambira pa chipatala chaching'ono, kupita ku chipatala cha boma cha Dedza, kenako ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre kukajambulidwa echo.

Safunsa anadya phula. Wachibale woperekeza wodwala akhale ndi mafunso awa pa pepala, ndipo a komiti musachite manyazi kuwafunsa achibalewo:

Kodi valavu ndi yopapatiza, yotaya magazi m'mbuyo, kapena zonse? Baluni ingatheke?

Ngati ndi opaleshoni, dokotala akuona kuti ikonzeka kapena aichotsa? Mavalavu a rheumatic amakonza angati pa chaka?

Akaichotsa, aika yachitsulo kapena ya nyama? Kodi mwamuuza dokotalayo kuti wodwala amakhala kutali bwanji ndi poyezera INR, ndiponso ngati akufuna kudzabereka?

Akabwerera, warfarin azikatenga kuti, aziyezetsa kuti, ndipo ndalama ya ulendo izichokera kuti?

Dokotala wa ku India sakudziwa kuti Kabwazi ndi kuti. Mukapanda kumuuza, akusankhirani valavu yoyenera munthu wokhala pafupi ndi chipatala chake. Ndipo pa ndalama zosonkhedwazo, patulani gawo la chaka choyamba akabwerera. Kuthera zonse pa tikiti ya ndege kuli ngati kupikula katundu wa lole yonse opanda ya chiphaso.

Chinanso, kuchedwa kumapha kuposa mpeni. Valavu yodwala ikakhalitsa, mtima umatupa n'kufooka, mitsempha ya m'mapapo imalimba, ndipo ngakhale aike valavu yabwino chotani mtimawo subwerera mwakale. Amene amachira bwino ndi amene afika pa tebulo mtima ukadali ndi mphamvu. Tsiku limene dokotala wanena kuti akumva phokoso lachilendo pamtima wa mwana, musayambe mwazungulira kwa alosi miyezi isanu ndi umodzi.

JAKISONI WOTCHIPA

Opaleshoni imakonza chitseko, koma matenda amene anachiononga amakhala akadalipo. Kachilombo kaja kakabweranso pakhosi, kamayambiranso kudya valavu yokonzedwayo kapena ina yotsala. Choncho aliyense amene anadwalapo rheumatic fever, wochitidwa opaleshoni ndi wosachitidwa yemwe, amayenera kubayidwa jakisoni wa benzathine penicillin masabata atatu kapena anayi aliwonse, kwa zaka zambiri, ena mpaka zaka 40 zakubadwa, ena moyo wonse. Amapweteka, zoona, ndi wokhuthala ngati phala. Koma taonani zimene anapeza ku Gulu, ku Uganda, mu kafukufuku wotchedwa GOAL. Anatenga ana amene echo inaonetsa chiyambi cha matendawa, theka anawabaya mwezi ndi mwezi kwa zaka ziwiri, theka ayi. Mwa ana pafupifupi 400 obayidwa, atatu okha ndi amene mtima unaonongekerabe. Mwa osabayidwa anali 33.

Mu 2018 maiko a m'bungwe la WHO anagwirizana kuti matendawa athetsedwe. Kugwirizana ku Geneva n'kosavuta. Ine pempho langa kwa a zaumoyo ndi laling'ono: penisilini asasowe m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi, odwala mtima alembedwe m'kaundula kuti wodumpha jakisoni azilondoledwa monga mmene amalondolera a TB ndi a ma ARV, ndipo kamakina koyezera INR, kamene ndi kakang'ono ngati koyezera shuga, kafike kufupi ndi anthu. Boma likalipira mamiliyoni ku India n'kumusiya wodwalayo wopanda poyezera magazi, lamanga nyumba ya malata n'kuiwala chitseko.

Kwa inu makolo, m'mera mpoyamba. Mwana wa zaka 5 mpaka 15 akadandaula pakhosi, thupi latentha, akumeza movutika, m'khosi mwatupa, makamaka ngati sakukhosomola kapena kutuluka mamina, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Akamupatsa jakisoni mmodzi wa penisilini, zatha. Akamupatsa mapiritsi a masiku 10, amalize onse 10, ngakhale tsiku lachitatu ayambe kudya chimanga chokazinga. Makapisozi awiri a pa hokala sapha kachilomboka, amangokagoneka. Ndipo mwana akatupa mafupa mosamukasamuka, mphini zidikire, dokotala amvetsere mtima.

Ndikudziwa kuti kutseka benchi tsiku la msika kumawawa, makasitomala amapita kwa mnzako. Koma tsiku limodzi limenelo ndi lotchipa kuposa valavu iliyonse, yachitsulo kaya ya ng'ombe.

Geni iyende bwino, tionane sabata ya mawa.